Mphumu njoyeza, si yolota

Chiperoni chikayamba kukuta mapiri a Thyolo m'miyezi ya May, June ndi July, odandaula chifuwa amachuluka m'zipatala zing'onozing'ono za m'maesiteti a tiyi ndi za m'midzi yozungulira. Kwa ambiri chimakhala chimfine wamba chomwe chimatha chokha. Koma pakati pawo pamakhala anyamata ndi atsikana a zaka za m'ma 20, anthu amphamvu othyola tiyi kapena ogwira ntchito m'fakitale tsiku lonse, omwe vuto lawo silitherapo. Usiku sagona. M'chifuwa mumalira ngati muli kamwana ka mphaka, mpweya umaperewera, ndipo amachezera ali tsonga mpaka tambala woyamba. Kukacha, dzuwa n'kufunda pang'ono, chifuwa chija chimamasuka. Pofika kuchipatala amakhala akupuma bwinobwino ngati sadadwale.

Zinthu zimalakwikira pamenepa. Wachipatala amamvetsera m'chifuwa, samva kanthu, n'kupereka amoxicillin kapena mankhwala akumwa a chifuwa. Nthawi zina amatumiza makhololo kuti akayezedwe TB, zotsatira n'kubwera zoti mulibe, munthu n'kubwerera kunyumba ndi vuto lake. Kwa ena zimayenda mosiyana: amangouzidwa kuti ali ndi mphumu potengera mmene afotokozera, n'kuyamba kumwa mapilitsi a salbutamol zaka ndi zaka pomwe chikuwadya ndi china.

Maganizo athu ndi akuti mphumu iyenera kuyezedwa monga timayezera malungo, shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Masiku ano ndondomeko ya Unduna wa Zaumoyo imati munthu ayambe wabayidwa pachala asanalandire LA, ndipo tonse tidazolowera. Mapapo nawo ali ndi zoyezera zake. Zina n'zapamwamba, zofuna labotale ndi akatswiri, monga kuyeza kochita kuputa dala njira za mpweya. Zina n'zazing'ono zokwana m'thumba la jekete. Boma la Thyolo, komwe anthu masauzande ambiri amapuma fumbi la tiyi, utsi wa nkhuni ndi mphepo yachisanu, ndi malo oyenera kuyambirapo.

Matenda obisala masana

M'mapapo muli timapaipi tambirimbiri tonyamula mpweya, toyambira pa kholingo n'kumagawikana ngati nthambi za mtengo mpaka kufika pa tating'ono kwambiri. Kapaipi kalikonse n'kozunguliridwa ndi minofu. Mwa munthu wa mphumu, mkati mwa timapaipiti mumakhala motupa ndipo sitichedwa kunyanyuka. Fumbi, utsi, mphepo yozizira, mungu wa udzu, chuku cha m'nyumba yachinyezi, chimfine ngakhalenso kuthamanga, zinthu zomwe munthu wina sizingamuchite kanthu, zimachititsa minofu ija kufinya. Njira imachepa, makhololo amachuluka, mpweya n'kumadutsa movutikira. Kulira kwa m'chifuwa kuja ndi phokoso la mpweya wopanikizika pa njira yothina.

Chomwe chimasiyanitsa mphumu ndi matenda ambiri a m'mapapo n'chakuti kufinyaku kumabwera n'kupita. Kumakonda usiku ndi mbandakucha, ndipo masana kungathe kuzimiririka. N'chifukwa chake kumvetsera m'chifuwa kamodzi sikukwanira, ndipo ngakhale chithunzi cha X-ray cha munthu wa mphumu nthawi zambiri chimaoneka chabwinobwino.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mu 2019 anthu 262 miliyoni anali ndi mphumu ndipo 455 000 adamwalira nayo. Imfa zambiri zimachitika m'mayiko osauka ngati lathu, komwe matendawa sadziwika msanga ndipo mankhwala oyenera sapezeka. Chomvetsa chisoni n'chakuti mphumu ndi matenda oti munthu angakhale nawo mpaka ukalamba, akugwira ntchito ndi kusewera mpira, malinga adziwike ndi kulandira chithandizo choyenera.

Kulota kumapweteka mbali zonse

Mbali yoyamba ndi ya omwe ali ndi mphumu koma sadziwa. Kafukufuku wotchedwa ACACIA, yemwe zotsatira zake zidatuluka mu 2024, adafunsa ana asukulu oposa 27 000 a zaka 12 mpaka 14 m'mizinda ya Blantyre, Harare, Durban, Kampala, Kumasi ndi Lagos. Ana 12 mwa 100 aliwonse adati m'chifuwa mwawo mudalirako m'chaka chapitacho, koma mwa amenewa mmodzi yekha mwa asanu ndi amene adauzidwapo ndi achipatala kuti ali ndi mphumu. Anawa adafunsidwa pakati pa 2018 ndi 2021, choncho lero ndi achinyamata omwe akuyamba kufuna ntchito. Ngati zili chonchi mumzinda wa Blantyre momwe muli chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, nanga ku Thekerani ndi ku Masambanjati kuli bwanji?

Mbali yachiwiri ndi ya omwe adapatsidwa dzina la matenda omwe alibe. Ku Canada, dziko lokhala ndi zipangizo zokwanira, ofufuza adatenga akuluakulu 613 omwe adauzidwa ndi madokotala kuti ali ndi mphumu n'kuwayeza mosamala. Zotsatira zomwe zidatuluka mu 2017 zidaonetsa kuti mmodzi mwa atatu aliwonse adalibe mphumu pa nthawiyo. Ochepa mwa iwo adapezeka ndi matenda ena oopsa a mtima ndi mapapo omwe adali atabisala kumbuyo kwa dzina la mphumu.

Kuno kwathu zinthu zofanana ndi mphumu n'zambiri kuposa ku Canada. Kafukufuku wa akuluakulu mumzinda wa Blantyre yemwe adatuluka mu 2016 adapeza kuti anthu oposa 4 mwa 10 aliwonse mapapo awo sankagwira ntchito mokwanira, ndipo ambiri mwa iwo vuto lawo lidali la mapapo osunga mpweya wochepa, lomwe n'losiyana ndi mphumu. Kafukufuku wina wa ku Blantyre komweko, wa mu 2020, adaonetsa kuti mmodzi mwa atatu omaliza mankhwala a TB amatsala ndi mapapo osapuma bwino ngakhale tizilombo tatha. Onjezanipo matenda a mtima, kuchepa kwa magazi ndi utsi wa kukhitchini. Zonsezi zimabanikitsa munthu, ndipo khutu lokha silingazisiyanitse.

Kuputa matenda dala

Kuyeza kumayamba ndi makina otchedwa spirometer. Munthu amakoka mpweya mpaka chifuwa kudzaza, kenaka n'kuuzira mwamphamvu m'kapaipi mpaka mpweya wonse kutha. Makinawo amaona kuchuluka kwa mpweya womwe watuluka m'sekondi yoyamba, nambala yomwe achipatala amaitcha FEV1. Njira zikakhala zothina, nambalayi imatsika. Kenaka munthuyo amapopera salbutamol, n'kudikira mphindi pafupifupi 15, n'kuuziranso. Nambala ija ikakwera ndi 12 peresenti komanso ndi mamililita 200 kapena kuposa, ndiye kuti njira zidali zofinya ndipo mankhwala azimasula. Umboni umenewu ukagwirizana ndi zomwe wodwala wafotokoza, nkhani yatha.

Vuto ndi lakuti achinyamata ambiri a mphumu akayezedwa tsiku lomwe akupeza bwino, makina amaonetsa mapapo opanda vuto. Salbutamol alibe choti amasule chifukwa palibe chomangika. Zikatero, m'malo modikira kuti matenda abwere okha, madokotala amachita kuwaitana. Pa Chingerezi kuyezaku amati bronchial challenge test. Tingakuyerekeze ndi wosaka mbewa yemwe amafukiza utsi ku una kuti aone ngati mkatimo muli kanthu. Pali njira zitatu zodziwika.

Yoyamba imagwiritsa ntchito mankhwala otchedwa methacholine, omwe amafinyitsa minofu ya m'njira za mpweya mwachindunji. Munthu amapuma nkhungu ya mankhwalawa kuyambira pa mlingo wochepa kwambiri, n'kumauzira m'makina, mlingo n'kumakwera pang'onopang'ono. Mapapo abwinobwino sasintha kwenikweni. A munthu wa mphumu amafinya msanga, ndipo FEV1 ikatsika ndi 20 peresenti kuyeza kumaimitsidwa, munthu n'kupatsidwa salbutamol kuti chifuwa chimasuke. Mphamvu ya njirayi yagona pa kuchotsa chikaiko. Ngati munthu akudandaula kubanika, sakugwiritsa ntchito mankhwala oteteza, koma methacholine walephera kumufinya, n'zokayikitsa kuti ali ndi mphumu, ndipo dokotala ayenera kufufuza kwina. Kufooka kwake n'kwakuti amathanso kufinya anthu ena opanda mphumu, monga a chimfine cha mphuno chosatha, osuta fodya ndi omwe angochira kumene chifuwa.

Yachiwiri imagwiritsa ntchito ufa wonga shuga wotchedwa mannitol, njira yomwe idakonzedwa ndi gulu la Sandra Anderson ku Sydney m'dziko la Australia. Ufawu umabwera m'timakapisozi ndipo munthu amaukoka ndi mpweya, mlingo n'kumakwera mpaka mamiligalamu 635 onse pamodzi. Mannitol amakoka madzi m'kati mwa njira za mpweya, ndipo ngati muli kutupa kwa mphumu, thupi lenilenilo limatulutsa zinthu zofinyitsa minofu. FEV1 ikatsika ndi 15 peresenti ndiye kuti mphumu yaonekera. Njirayi ikanena kuti mphumu ilipo kawirikawiri imakhala ikunena zoona, koma ingathe kuphonya mphumu yofatsa. Madzi amchere kwambiri, a 4.5 peresenti, opumidwa ngati nkhungu, amagwiranso ntchito mofanana.

Yachitatu ndi yodziwika kwa wachinyamata aliyense: kuthamanga. Munthu amathamanga pa makina kapena kupalasa njinga yoima mwamphamvu kwa mphindi 6 mpaka 8, kenaka n'kumauzira m'makina kangapo mpaka patadutsa mphindi 30. Kupuma mofulumira kumaumitsa ndi kuziziritsa njira za mpweya, ndipo FEV1 ikatsika ndi 10 peresenti kapena kuposa, ndiye kuti njirazo n'zonyanyuka. Imeneyi imathandiza kwambiri mnyamata wonena kuti amabanika akangosewera mpira, kapena mtsikana wotha mpweya akakwera chitunda ndi dengu la tiyi kumsana m'mawa wozizira.

Kuyeza kotere sikoseweretsa, chifukwa kumabweretsa dala zomwe munthu amaziopa. Kumachitika pamaso pa ophunzitsidwa bwino, salbutamol ndi mpweya wa oxygen zili pafupi. Sikuchitika kwa munthu yemwe mapapo ake ndi ofooka kale, mayi woyembekezera, yemwe BP yake yakwera kwambiri kapena wadwala mtima kapena sitiroko m'miyezi itatu yapitayo. Wina asayese yekha kunyumba pothamanga kapena polowa m'fumbi kuti aone ngati abanike. Ngakhale ku Britain, malangizo atsopano a mu November 2024 amaika kuyezaku kumapeto, pambuyo pa kuyeza magazi kapena mpweya wotuluka, spirometer ndi kachida kouzira ka kunyumba. Ndi kwa ochepa omwe njira zinazo zalephera kupereka yankho.

Fumbi la tiyi ndi funso loyenera kufunsidwa

Tiyi wakhala akulimidwa ku Thyolo kwa zaka zoposa 100. Esiteti ya Satemwa idayamba mu 1923, ndipo pamodzi ndi Conforzi, Makandi, Naming'omba, Nchima ndi minda ya Eastern Produce, makampani a tiyi ndiwo olemba ntchito aakulu m'bomali. Tsamba likachoka kumunda limafotetsedwa, kudulidwa, kusiyidwa kuti lisinthe mtundu, kuumitsidwa ndi mpweya wotentha, kenaka kusefedwa ndi kulongedzedwa. M'fakitale iliyonse ya tiyi padziko lapansi, kosefera ndi kolongedzera n'komwe kumauluka kafumbi kosalala konga ubweya.

Zoti fumbi limeneli lingayambitse mphumu zidadziwika kale. Mu 1970, dokotala wa ku Sri Lanka, C. G. Uragoda, adalemba za mphumu ya opanga tiyi m'mafakitale a kwawo. Mu 1990, madokotala André Cartier ndi Jean-Luc Malo a ku Montreal adafotokoza za amayi atatu olongedza tiyi omwe mphumu yawo idatsimikizika powapumitsa dala fumbi la tiyi m'labotale. Ku Japan, m'zaka za m'ma 1990 zomwezo, ofufuza adapeza kuti chinthu china cha m'tsamba la tiyi, chotchedwa EGCG, ndicho chinkaputa mphumu mwa ena ogwira ntchito m'mafakitale a tiyi wobiriwira. Ndipo mabungwe a akatswiri a mapapo a ku America ndi ku Ulaya adanena mu 2019 kuti pa akuluakulu 100 aliwonse odwala mphumu, pafupifupi 16 matendawo amachokera ku zomwe amapuma kuntchito.

Sitikunena kuti aliyense wotsokomola pa esiteti wadwala chifukwa cha tiyi. Wina adayamba kubanika ali mwana. Wina chikumupweteka ndi utsi wa m'khitchini ya pakomboni kapena fodya. Wothyola tiyi kumunda amakumana ndi mame ozizira ndi mungu, osati fumbi la m'fakitale. N'chifukwa chake kuyeza kumateteza onse awiri: wogwira ntchito asakanidwe pomwe ntchito yamudwalitsa, ndipo kampani isanamiziridwe pomwe chifukwa chili kwina. Nthawi nayo ndi yofunika. Mphumu yochokera kuntchito ikadziwika msanga, munthu n'kuchotsedwa pa fumbilo, amakhala ndi mwayi waukulu wopeza bwino. Akapitiriza kulipuma kwa zaka, matendawo amatha kukhazikika ngakhale atasiya ntchito.

Pali funso limodzi lomwe wachipatala aliyense wa ku Thyolo ayenera kufunsa wachinyamata wobanika, ndipo silifuna ndalama: kodi mumapezako bwino Lamlungu, patchuthi, kapena nyengo ya chilimwe ntchito ikachepa? Yankho likakhala inde, ndiye kuti ntchitoyo ikuchita kale zomwe methacholine amachita m'labotale. Tsiku lililonse munthuyo akuputidwa. Chatsala n'kuyeza ndi kulemba.

Chida chake ndi peak flow meter, kapulasitiki kouzira kokhala ndi manambala m'mbali, kosafuna magetsi kapena batire, kotsika mtengo kuposa foni yamakono. Munthu amauzira mwamphamvu katatu n'kulemba nambala yaikulu. Pofufuza mphumu wamba, amachita izi m'mawa ndi madzulo kwa masabata awiri. Malinga ndi bungwe la Global Initiative for Asthma, GINA mwachidule, manambala a munthu wamkulu akamasiyana kupitirira 10 peresenti pakati pa m'mawa ndi madzulo tsiku ndi tsiku, ndi chizindikiro cha mphumu. Pofufuza mphumu ya kuntchito, amauzira kosachepera kanayi patsiku, monga akadzuka, masana, akaweruka ndi asanagone, kwa masabata atatu kapena anayi ophatikiza masiku a ntchito ndi masiku opuma. Manambala akamatsika m'kati mwa sabata n'kukwera munthu akakhala kunyumba, kope lasukulu lija lasanduka umboni. Kumafuna kupirira, koma akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zomwe zingachitike

Tikupempha zinthu zitatu, chilichonse pa mlingo wake. Choyamba, kiliniki iliyonse ya pa esiteti ndi chipatala chilichonse chaching'ono chikhale ndi ma peak flow meter, ena ogwiritsa ntchito pomwepo, ena obwereketsa kwa odwala. Ichi si chachilendo: kachidaka kali kale pa mndandanda wa zipangizo zomwe WHO imati chipatala chaching'ono chiyenera kukhala nazo pothandiza matenda osapatsirana. Chachiwiri, chipatala cha boma cha Thyolo ndi cha Malamulo ku Makwasa zikhale ndi spirometer yogwira ntchito sabata iliyonse, yokhala ndi munthu wophunzitsidwa komanso zouzirira zokwanira, chifukwa makina okhala m'bokosi sayeza munthu. Kuyeza kwa kuthamanga kungathenso kuchitika pa mlingo umenewu ngati oxygen ndi ophunzitsidwa alipo. Chachitatu, ochepa omwe atsalabe osadziwika azitumizidwa ku Queen Elizabeth, mtunda wosapitirira makilomita 50 kuchokera pa boma la Thyolo, ndipo Unduna wa Zaumoyo mogwirizana ndi sukulu ya ukachenjede ya KUHeS uonetsetse kuti kuyeza koputa njira za mpweya kukupezeka kumeneko kwa wodwala wamba.

Tikudziwa kuti ena adzati ndalama n'zochepa, ndipo malungo, HIV, TB ndi uchembere zili patsogolo. N'zoona kuti thumba la zaumoyo ndi lopyapyala. Koma kulota nako kumadya ndalama. Amoxicillin woperekedwa kasanu pachaka kwa munthu wopanda tizilombo ndi ndalama yotayika, komanso amathandiza tizilombo kupima mphamvu ya mankhwala. Makhololo oyezedwa mobwerezabwereza, bedi la m'chipatala, oxygen wa pakati pa usiku ndi masiku ojomba kuntchito, zonsezi wina amalipira.

Ena adzati akatswiri a mapapo ndi owerengeka m'dziko muno. Yankho lake lili ku Thyolo konko. Kuyambira mu 2003, Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la Médecins Sans Frontières adayamba kupereka ma ARV m'bomali. Madokotala adali ochepa, choncho ntchito idagawidwa kwa ma clinical officer, anamwino ndi alangizi a zaumoyo, n'kutsitsidwa kuchoka pa boma kupita m'zipatala zazing'ono. Pofika mu 2007 ambiri ofunika mankhwalawa adali atayamba kulandira, ndipo mayiko ena adaphunzirako. Pa nkhani ya mphumu yeniyeniyo, kafukufuku wa ana 120 ku Queen Elizabeth yemwe adatuluka mu 2021 adaonetsa kuti ogwira ntchito omwe si madokotala, atapatsidwa maphunziro, adathandiza anawo kuchepetsa kubanika, kujomba kusukulu ndi maulendo adzidzidzi a kuchipatala m'miyezi itatu yokha. Boma lomwe lidaphunzitsa anthu ake kusamala ma ARV silingalephere kuwaphunzitsa kuwerenga kachida kouzira.

Kuyeza kusasanduke sefa yochotsera anthu ntchito

Pali chifukwa china chomwe achinyamata amabisira kubanika kwawo. Ambiri ndi olembedwa kwa nyengo chabe, makamaka pakati pa December ndi April tiyi akachuluka, ndipo amaopa kuti kapitawo akamva zoti ali ndi mphumu sadzalembedwanso. Mantha amenewa ndi omveka, ndipo akapanda kuyankhidwa palibe amene adzabwere ndi kope lake.

Lamulo la mu 1997 loona za chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha ogwira ntchito limapatsa olemba ntchito udindo woonetsetsa kuti malo a ntchito sakuvulaza umoyo wa antchito, ndipo lamulo la chipukutamisozi la mu 2000 lidakhazikitsidwa kuti wovulala kapena wodwala chifukwa cha ntchito asasiyidwe chimanjamanja. Bungwe la ILO nalo, pa mndandanda wake wa mu 2010 wa matenda a kuntchito, lidaikapo mphumu yoyamba chifukwa cha zinthu zopumidwa pa ntchito. Choncho munthu akapezeka kuti fumbi la kosefera ndilo likumufinya, choyenera ndi kumusamutsira ku gawo lina komwe kulibe fumbilo, osati kumuonetsa msana wa njira. Kupezeka kwa mmodzi kukhalenso chenjezo loti makina okoka fumbi, mazenera ndi zovala kumphuno ziunikidwenso, chifukwa anzake akupuma mpweya womwewo. Zotsatira za kuyeza ndi chinsinsi cha wodwala ndi wachipatala.

Bungwe la eni minda la Tea Association of Malawi ndi bungwe la ogwira ntchito m'minda la PAWU adasainirana mgwirizano wawo woyamba wa malipiro ndi kagwiridwe ka ntchito mu 2016. Tebulo lokambirana lilipo kale. Tikupempha kuti pa zokambirana zikubwerazi umoyo wa mapapo ukhale pa ndandanda: kuyeza wolowa ntchito m'fakitale ndi kumuyezanso chaka ndi chaka, komanso lonjezo lolembedwa loti zotsatira sizidzachotsetsa munthu ntchito. Oyendera malo a ntchito a ku Unduna wa Zantchito nawo azifunsa za fumbi, osati za makina odula zala okha.

Dzina lopanda mankhwala silithandiza

Kuyeza kudzakhala kutaya nthawi ngati wopezeka ndi mphumu adzabwerere kunyumba ndi mapilitsi akale omwewo. Mapilitsi a salbutamol ndi aminophylline amanjenjemeretsa manja, amathamangitsa mtima, ndipo sachotsa kutupa komwe ndiko gwero la matendawa. Chithandizo chenicheni ndi mankhwala opopera, omwe ambiri amawadziwa kuti inhaler. Alipo a mitundu iwiri: omasula chifuwa nthawi yomweyo monga salbutamol, ndi oteteza monga beclometasone omwe amachepetsa kutupa akagwiritsidwa ntchito mosadumphitsa. Kuyambira mu 2019, GINA idasiya kulimbikitsa kuti munthu wamkulu azidalira salbutamol yekha, chifukwa kutero kumasiya kutupa kukukula mpaka tsiku lina kubanika kwakukulu n'kubwera. Mankhwala onse awiriwa ali pa mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunikira, ndipo sayenera kusowa pa shelefu ya chipatala cha boma kapena kiliniki ya esiteti.

M'midzi muli mphekesera yoti inhaler ndi ya munthu wotsala pang'ono kufa, kapena kuti ukayamba susiya ndipo imafoola mtima. Zimenezi si zoona. Mankhwala opopera amapita molunjika m'mapapo pa mlingo wochepa kwambiri kuyerekeza ndi wa m'pilitsi. Chofunika n'kuphunzitsidwa kapoperedwe kake. Ofufuza a ku Cape Town motsogozedwa ndi Heather Zar adaonetsa mu 1999 kuti botolo lapulasitiki la mamililita 500, loboola kumbuyo n'kulowetsamo inhaler, limathandiza mankhwala kufika m'mapapo ngati chida chogula. Mphumu sipatsirana, ndipo palibe chifukwa chosalira munthu pa mbale kapena pa banja.

Kwa inu achinyamata

Ngati mumadzuka usiku ndi chifuwa cholira, mumabanika mukathamanga, kukazizira kapena mukalowa malo afumbi, ndipo vutolo limapita n'kubweranso, pitani kuchipatala ngakhale tsikulo mukupeza bwino. Fotokozani nthawi yomwe limabwera, ntchito yomwe mumagwira, ndiponso ngati mumapezako bwino mukakhala kutali ndi ntchito. Chifuwa chikapitirira masabata awiri, makamaka ngati mukuonda kapena kutuluka thukuta usiku, TB iyezedwe kaye. Ikapanda kupezeka musaimire pomwepo. Funsani kuti: nanga mapapo anga muwayeza bwanji? Safunsa adadya phula. Ndipo ngati munthu akulephera kumaliza chiganizo chifukwa cha befu, milomo yasintha mtundu, kapena wapopera koma sizikusintha, musadikire kuti kuche. Thamangani naye kuchipatala usiku womwewo.

Chaka chilichonse, Lachiwiri loyamba la May, dziko lapansi limakumbukira tsiku la mphumu, ndipo ku Thyolo tsikuli limafika chisanu chili pakhomo. Akuluakulu a zaumoyo a bomali, eni maesiteti ndi atsogoleri a ogwira ntchito akhale ndi choti aonetse pofika tsikulo: ndi zipatala zingati zomwe zili ndi peak flow meter, ndi achinyamata angati omwe auzira mu spirometer, ndi angati omwe alandira inhaler yoteteza, ndiponso ndi angati omwe asamutsidwa pa fumbi ntchito yawo ili m'manja.